Malaiti akapita, pulogalamu yanu imakumbukira chiyani?

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata ophunzira kulemba mapulogalamu a pa intaneti ku Linda, mu Lusaka

Ndapemphedwa kuti ndikambe za kalembedwe ka mapulogalamu a pa intaneti, ndipo ndasankha kachigawo kamodzi kamene mabuku ambiri amangokalambalala, pomwe kwa ife a m'makomboni ndi kamene kamasiyanitsa pulogalamu yothandiza anthu ndi pulogalamu yowatayitsa ndalama. Makolo, musataye mtima mukamva mayina achizungu. Nkhani yeniyeni ndi ya ndalama zanu, mafomu anu ndi zinsinsi zanu, ndipo muitsata bwinobwino.

Ambiri mwa inu achinyamata mukutha kale kupanga tsamba, kuikapo fomu, kulilumikiza ku database, n'kuona dzina lanu likutuluka pa sikirini. Zimenezo n'zabwino, pitirizani. Koma mapulogalamu amene ndawaona akuliritsa anthu sanalakwike pa maonekedwe a mabatani. Analakwika pa nthawi zinayi za moyo wa pulogalamu: pamene pulogalamuyo ikuyamba pa seva, pamene munthu wafika, pamene munthu wachoka, ndi pamene pulogalamuyo ikuzima. Pafupifupi framework iliyonse imakupatsani malo oikapo khodi yanu pa nthawi zimenezi, ndipo m'buku zimaoneka zofanana mphamvu zonse zinayi. Sizofanana. Ziwiri zoyambazo mukhoza kuzidalira. Ziwiri zomalizazo palibe amene angakulonjezeni kuti zidzachitika, ndipo kuno kwathu, kumene malaiti amapita osachenjeza ndipo bandulo imatha munthu ali pakati pa fomu, nthawi zambiri sizichitika monga mukuyembekezera.

Tiyambe ndi session, njira imene seva imakumbukirira munthu amene wafika, ndi chifukwa chake ilipo. HTTP, njira imene browser ndi seva zimalankhulirana, inachokera ku ntchito ya Tim Berners-Lee ku CERN, ku Geneva, imene anaiyamba mu 1989. Njirayi sikumbukira. Seva imayankha pempho lililonse palokha, ndipo pempho lachiwiri likafika sidziwa kuti ndi munthu yemwe uja. Mu 1994 Lou Montulli, amene ankagwira ntchito ku Netscape, anapanga cookie, kachidutswa ka mawu kamene seva imapatsa browser kuti izikabweza nthawi iliyonse ikabwera ndi pempho. Session yamasiku ano yaima pamenepo. Seva imapanga nambala yaitali yovuta kuilota, imaitumiza mu cookie, ndipo kumbali kwake imasunga zinthu za munthuyo pansi pa nambalayo: kuti walowa kale, dzina lake, zimene wasankha kugula.

Tsono taonani chimene chikusowa pamenepa. Munthu akatseka browser, foni ikazima, netiweki ikaduka, palibe uthenga umene umapita ku seva wonena kuti uja wapita. Seva imangokhala chete n'kumawerenga mphindi, ndipo zikakwana zimene munaika imangoganiza kuti munthuyo sabweranso.

Nonse mumawadziwa alongo athu a m'mabooth a Airtel Money ndi MTN amene ali pa siteshoni ndi pamsika. M'mawa amatsegula booth, amawerenga float, amayatsa mafoni, amatsegula kabuku. Kumeneko ndiko kuyamba kwa pulogalamu. Kasitomala akaima pa zenera, session yayamba. Koma makasitomala ambiri satsanzika. Wina amati ndikubwera, ndikatenge chitupa cha NRC, ndipo sabweranso. Wina basi yake yadzaza, wathamanga. Mlongo wathu wanzeru sadikira kuti kasitomala atsanzike kapena kuti dzuwa lilowe ndiye alembe. Ndalama ikangodutsa pa zenera, cholembera chili kale pa kabuku: nambala, kuchuluka kwa ndalama, siginecha. Ndikufuna mapulogalamu anu azigwira ntchito ngati mlongo ameneyu.

Ndigwiritsa ntchito ASP.NET ya Microsoft, imene inatuluka mu 2002, chifukwa mayina ake ndi osavuta ndipo mudzaipezabe m'maofesi ambiri mukayamba ntchito. Muli fayilo yotchedwa Global.asax, ndipo m'menemo mumalemba Application_Start, Session_Start, Session_End ndi Application_End. Amene mukuphunzira Java mudzapeza zomwezi mu ServletContextListener, yokhala ndi contextInitialized ndi contextDestroyed, komanso mu HttpSessionListener, yokhala ndi sessionCreated ndi sessionDestroyed. A PHP ndi a Python mayina anu ndi ena, koma zimene ndikunenazi zikukukhudzani chimodzimodzi.

Application_Start ndi malo okonzera nyumba alendo asanafike. Apa pulogalamu imawerenga makonzedwe ake, imalembetsa njira za masamba, imaona ngati database ikuyankha, imatenga zinthu zosasinthasintha monga mndandanda wa zigawo ndi maboma n'kuzisunga pafupi. Ngati china chofunika chikusowa, mwachitsanzo kiyi yolankhulira ndi kampani ya mobile money, ndi bwino pulogalamu ikane kuyamba pomwepo ndi kulemba chifukwa chake momveka. Pulogalamu imene yayamba ili yopunduka imadzagwa masana, m'manja mwa mayi amene akulipirira mwana sukulu, ndipo pamenepo kupeza chimene chavuta kumatenga tsiku lonse.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuganiza kuti Application_Start imachitika kamodzi, tsiku limene mwaika pulogalamu pa seva. Ayi. IIS, seva ya Microsoft, mukaisiya momwe inabwerera, imazimitsa pulogalamu yanu pakadutsa mphindi 20 popanda munthu wofika. Imaiyambitsanso mwatsopano pa mphindi 1,740 zilizonse, omwe ndi maola 29, kaya zinthu zikuyenda bwino kapena ayi. Mukangosintha chilembo chimodzi mu web.config, kapena kuponya fayilo yatsopano mu foda ya bin, pulogalamu imayambanso. Ndiye ngati maseva ali awiri kapena atatu, iliyonse imayamba payokha. Kapulogalamu ka sukulu kamene anthu amakatsegula mwa apo ndi apo kakhoza kuyamba kakhumi pa tsiku limodzi. Ganizani tsopano za mnyamata amene waika mu Application_Start khodi yotumiza SMS kwa makolo onse, kapena yobwezeretsa ngongole za mwezi pa ziro. Chilichonse chimene mwaika pamenepa chikhale choti chikachitika kawiri kapena makumi awiri palibe chimene chiwonongeke.

Pali ntchito imodzi imene ndimaiona kuti ndi yofunika koposa pa nthawi yoyambayi, koma ndi ochepa amene amailemba. Pulogalamu ikadzuka idzifunse kuti: kodi ndinazima bwino? Ipite mu database, iyang'ane ntchito zimene zinatsala panjira, malipiro amene anayambika koma sanatsimikizidwe, mauthenga amene anali pamzere, ndipo iwamalize kapena iwaonetse kwa munthu woyang'anira. Ndikunena izi chifukwa cha mnzake uja, Application_End.

Application_End imaitanidwa pokhapokha pulogalamu ikuzimitsidwa mwaulemu. Pa Linux, makina amayamba atumiza chizindikiro cha SIGTERM, chouza pulogalamu kuti imalize zimene ikuchita. Ikachedwa amatumiza SIGKILL, ndipo chimenechi sichipereka mpata ngakhale wa mzere umodzi wa khodi. Docker imadikira masekondi 10 pakati pa ziwirizi, Kubernetes masekondi 30. Memory ikadzaza, makina akhoza kupha pulogalamu yanu osaiuza n'komwe. Nanga malaiti akapita? Palibe SIGTERM, palibe Application_End, palibe chilichonse.

Sindikufunika kukufotokozerani za malaiti. Mukukumbukira 2024. Mvula inakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo mu Marichi ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku. Pofika Seputembala nyumba zambiri zinkaona magetsi maola atatu okha, mwinanso pakati pa usiku. Wina anena kuti zimenezo sizikhudza maseva aakulu a kunja. N'zoona. Koma lamulo la Data Protection Act la 2021 likuti zokhudza anthu zisungidwe pa seva za m'dziko muno, kupatula pamene lamulolo laloleza mwina. Komanso ntchito zoyamba zimene ambiri a inu mudzapeze si za makampani aakulu okhala ndi majenereta awiriawiri. Zidzakhala za sukulu ya m'komboni, kachipatala, sitolo ya hadiweya, tchalitchi, kumene seva ndi kompyuta yakale imene ili pansi pa tebulo la mlembi, yolumikizidwa ku UPS imene batire lake linafooka kalekale. Amene anapanga SmartCare, pulogalamu ya Unduna wa Zaumoyo yosunga mbiri ya odwala, ankalidziwa dziko lino. N'chifukwa chake wodwala ankapatsidwa khadi loyenda nalo, kuti mbiri yake isadalire netiweki yokha. Inunso lembani ngati anthu odziwa kumene mukukhala. Mu Application_End ikanimo zaulemu zokha: kutseka kulumikizana ndi database, kulemba mu log kuti ndazima nthawi yakuti. Chimene mungalire nacho chikatayika chisadikire pamenepo.

Za Session_Start sindichedwapo. Ikhale yopepuka. Kumbukirani kuti si aliyense wofika pa tsamba lanu amene ndi munthu. Makina a Google ndi ena ambiri amayendayenda pa intaneti, ndipo poti ambiri sasunga cookie, pempho lawo lililonse likhoza kutsegula session yatsopano. Mukaikamo ntchito yolemera, seva yanu yaing'ono ija idzatopa ndi alendo amene sadzagula kanthu. Kumbukiraninso kuti session kuyamba sindiye kuti munthu walowa ndi pasiwedi. Zimenezo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tifike tsopano pa Session_End, pamene pagona nkhani yanga.

Pafupifupi buku lililonse lakale la ASP.NET lili ndi chitsanzo chowerenga anthu amene ali pa tsamba. Mu Session_Start mumaonjezera 1, mu Session_End mumachotsa 1, ndipo pansi pa tsamba mumalemba kuti pakali pano pali anthu akuti. Kayeseni. Munthu akatseka browser, nambala ija sitsika mpaka mphindi 20 zitadutsa, chifukwa ndiyo nthawi imene ASP.NET imadikira. Pulogalamu ikayambanso, nambala imabwerera pa ziro ngakhale anthu alipo. Ndipo pali china chimene ambiri amachidziwa mochedwa: Session_End imagwira ntchito pokhapokha session zikusungidwa mu memory ya pulogalamu yomweyo, njira imene amaitcha InProc. Tsiku limene ntchito yakula, mwasamutsira session ku StateServer, ku SQL Server kapena ku Redis, Session_End imangosiya kuitanidwa. Sipatuluka uthenga wa cholakwika. Khodi yanu ili pomwepo, yooneka bwino, koma siyendanso. Ngakhale pamene yaitanidwa, munthu uja kulibe. Palibe pempho, palibe tsamba loti mumuonetse, simungamufunse kanthu.

Kuwerenga alendo kukalakwika palibe amene amagona ndi njala. Koma ndinaonapo kapulogalamu kamene mnyamata wina waluso analembera gulu la amayi a village banking. Maganizo ake anali abwino: mlembi wa gulu azilowetsa zopereka za aliyense pa msonkhano, pulogalamu izizisunga mu session kuti akalakwitsa akonze, ndipo akadina batani lomaliza, kapena session ikatha yokha, zonse zilembedwe mu database nthawi imodzi. Tsiku lina Loweruka amayi anakhala pa khonde, mbale ya ndalama ili pakati, msungichuma akuwerenga ma K50 ndi ma K100 mokweza, mlembi akulowetsa pa foni dzina ndi dzina. Ali chakumapeto, malaiti anapita kumene kunali seva. Atabwerera, tsamba linatseguka loyera, lopempha pasiwedi. Ndalama zinali m'mbale, koma za amene wapereka zingati, amene wabweza ngongole, amene walipira chindapusa chochedwa, zonse zinapita. Amayi awiri anasiyana mawu pa K200, mlembi anayamba kukayikiridwa, ndipo gululo linabwerera ku kope la pepala. Mnyamatayo sanabe ngakhale ngwee imodzi. Anangokhulupirira kuti Session_End idzafika. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chimene chili mu session sichinakhale chanu.

Kukonza kwake sikovuta. Mlembi akangolowetsa chopereka cha mayi mmodzi, chilembedwe mu database nthawi yomweyo, pa mzere wakewake, ndi chizindikiro chakuti sichinatsimikizidwe. Akadina batani lomaliza, mizere yonse ya msonkhanowo isinthidwe kukhala yotsimikizidwa. Malaiti akapita pakati, mlembi akalowanso apeze uthenga wakuti msonkhano wa lero unatsala panjira, anthu akuti alembedwa kale, pitirizani. Mu session musiyemo nambala ya munthu ndi nambala ya msonkhano basi. Dzifunseni funso ili pa chilichonse chimene mukufuna kuika mu session: chikasowa mphindi ino, munthu angodandaula pang'ono, kapena ataya ndalama, nthawi ndi ulemu wake? Ngati yankho ndi lachiwirilo, malo ake ndi mu database.

Mobile money imaikuza nkhaniyi. Tsatirani zimene zimachitika bambo akamalipira pa tsamba lanu. Adina batani lolipira, pulogalamu yanu itumiza pempho ku kampani ya foni, pa foni ya bamboyo patuluka kabokosi kopempha PIN. Pamenepo achoka mu browser. Mafoni ambiri amene tili nawo kuno ali ndi memory yochepa, ndipo Android ikapanikizika imatseka pulogalamu imene yatsala kumbuyo. Mwinanso nambala yolipirira ili mu foni ina, kafoni ka mabatani kamene kali ndi amayi kunyumba. Kenaka kampani ya foni itumiza yankho ku seva yanu lonena kuti ndalama zalowa. Yankho limeneli likuchokera ku seva ya kampaniyo, silikuchokera ku browser ya bambo uja. Lilibe cookie yake, choncho silidziwa session yake. Ngati zimene bamboyo amagula munazisunga mu session, mwalandira ndalama zimene simukudziwa kuti ndi za chiyani. Ndiye musanatumize pempho lolipiritsa, lembani kaye oda yonse mu database, ipatseni nambala yakeyake, ndipo nambala imeneyo ndiyo ipite ku kampani ya foni ndi kubwerera.

Yankho lija likhoza kufika kawiri, chifukwa kampani ikaona kuti simunavomere msanga imatumizanso. Bambo uja nayenso, poona tsamba likungozungulira, adina batani kachiwiri ndi kachitatu, tonse timatero. Uzani database kuti nambala ya malipiro isalembedwe kawiri, ndipo pulogalamu ikaona nambala imene inaimaliza kale ingovomera osachitanso kanthu. Yankho likhozanso osafika n'komwe, ngati seva yanu inali yozima pa nthawiyo. Apa ndi pamene ntchito ija ya mu Application_Start imakupulumutsani: mukadzuka, funsani kampani ya foni za malipiro onse amene akali olendewera.

Amene mudzalembe mapulogalamu a USSD, ngati amene timawaona tikaimba *115#, mudzakumana ndi session yaifupi kuposa zonse. Imakhala mphindi zochepa kwambiri, ndipo mwini wake ndi kampani ya foni, si inu. Makampani olumikiza, monga Africa's Talking ya ku Nairobi, amakutumizirani nambala ya session, nambala ya foni ndi zimene munthu wadina. Inu mumayankha ndi mawu oyamba ndi CON ngati nkhani ikupitirira, kapena END ngati yatha. Agogo amene akuwerenga menyu pang'onopang'ono, maso akuvuta, amadulidwa asanafike kumapeto. Mukasunga pamene anafika pansi pa nambala yawo ya foni, akaimbanso mukhoza kuwafunsa ngati akufuna kupitiriza pomwe analekera. Ndi mizere yochepa ya khodi, koma kwa agogowo ndi kusiyana kwa kuthandizidwa ndi kukafuna mdzukulu.

Nanga session ikhale yaitali bwanji? ASP.NET imabwera ndi mphindi 20. Tomcat ya Java imabwera ndi mphindi 30. PHP ili ndi masekondi 1,440, omwe ndi mphindi 24. Laravel inaika mphindi 120, pomwe cookie ya session ya Django imakhala milungu iwiri. Kusiyana konseku kukuonetsa kuti palibe nambala imene inagwa kumwamba. Amene anaziika sankaganizira mtsikana wa mu Linda amene akulemba fomu yofunsira malo ku koleji ya Evelyn Hone kapena ngongole ya maphunziro ku UNZA. Iye afika pa tsamba lachitatu, fomu ifuna nambala ya NRC ya womulera, ndipo azakhali ali ku Soweto Market, foni sakuyankha. Bandulo yatha, athamangira ku kantemba kukagula talk time, apeza mzere. Pobwerera mphindi 20 zadutsa, ndipo zonse zimene analemba zafufutika. Ayambirenso, ndi bandulo ina, ya ndalama imene inali ya ndiwo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa amene analemba pulogalamuyo akanatha kuzipewa mosavuta. Tsamba lililonse la fomu likadzazidwa lisungidwe pansi pa dzina la mwini wake, kuti kaya abwera mawa apeze pomwe anasiyira.

Musathamangire kunena kuti basi tingotalikitsa session ikhale tsiku lonse. Kuno foni imodzi imagwiridwa ndi anthu anayi: bambo, mayi, mwana wa sukulu ndi mlamu wodzacheza. Ambiri amakalemba mafomu ku internet cafe, kumene munthu akadzuka pa mpando wina amakhalapo nthawi yomweyo. Session imene yatsala yotseguka ndiye kuti wotsatirayo akuona zotsatira za kuchipatala za mnzake, kapena ndalama zimene ali nazo. Bungwe la OWASP, limene limalangiza za chitetezo cha mapulogalamu a pa intaneti, limati pa zinthu zofunika kwambiri session izitha pakadutsa mphindi 2 mpaka 5 munthu asakuchita kanthu, ndipo pa zinthu wamba mphindi 15 mpaka 30. Mukasunga ntchito ya munthu mu database, mukhoza kufupikitsa session popanda kumulanga: khomo latsekedwa msanga, koma katundu wake ali bwinobwino m'kati.

Batani lotulukira likhale poonekera, lalikulu, ndipo lizigwiradi ntchito ku seva. Kubwezera munthu ku tsamba loyamba si kumutulutsa. Mu ASP.NET itanani Session.Abandon, fufutani cookie ya session, ndipo musaiwale kuti cookie yosonyeza kuti munthu analowa ndi pasiwedi ndi ina, nayonso iyenera kuchotsedwa. Munthu akangolowa bwino ndi pasiwedi, mpatseni nambala ya session yatsopano. Mu PHP ndi session_regenerate_id. Mukapanda kutero, wochenjera wa pa cafe akhoza kutsegula tsamba lanu, kukopera nambala ya session, kusiyira mnzake mpando, ndipo mnzakeyo akalowa, iyenso walowa.

Olemba maframework eni ake anaphunzirapo kanthu pa zaka zonsezi. Microsoft itatulutsa ASP.NET Core mu 2016, Global.asax inachoka. Zoyamba ndi zozima za pulogalamu zilipobe, ndipo lero mumazipeza mu Program.cs ndi mu IHostApplicationLifetime, koma Session_End sanaibwezeremo. Django simakuuzani kuti session ya munthu yatha yokha. Imangokupatsani lamulo la clearsessions loti muziliyendetsa pa nthawi yake kuti lisese zakale. PHP nayo imasesa mwa apo ndi apo, osati pa mphindi yeniyeni imene session yathera. Ine ndikugwirizana nawo. Ngati pali ntchito yoti ichitike munthu akachoka, monga kumasula mpando wa basi umene anausungitsa koma sanalipire, lembani nthawi imene anausungitsa, ndipo kantchito kena koyenda pakokha, ka cron kapena kofanana nako, kazidutsa mphindi zingapo zilizonse kumasula mipando imene nthawi yake yapitirira. Kantchito kotere seva ikazima ndi kuyakanso kamangopitiriza, chifukwa zonse zimene kakufuna zili mu database. Komweko kazifufutanso mafomu osamalizidwa amene akhalitsa, kuti musasunge manambala a NRC ndi mafoni a anthu kupitirira nthawi imene mukuzifunira.

Mawu amodzi okhudza log. Pulogalamu ikayamba ilembe nthawi, ikazima mwaulemu ilembenso. Mukaona mizere iwiri ya kuyamba yotsatizana popanda wa kuzima pakati, mwadziwa kuti inaphedwa mwadzidzidzi, ndipo mwadziwa ola loti muyambire kufufuza. Onetsetsani kuti mukudziwa ngati wotchi ya seva ili pa nthawi yathu kapena pa UTC, imene ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri. Koma mu log musalembemo PIN, pasiwedi kapena nambala ya session ya munthu.

Makolo ndi aphunzitsi, inu amene mudzagule kapena kulandira mapulogalamu amenewa m'masukulu, m'magulu a chilimba ndi m'matchalitchi, muli ndi ufulu wofunsa. Musachite manyazi kuti simudziwa kompyuta. Mufunseni wolembayo kuti, mwanawe, malaiti akapita ndili pakati polemba, ndidzapeza chiyani? Akayankha ndi pakamwa pokha, muuzeni akuonetseni.

Inu achinyamata, nayi ntchito yanu tisanakumanenso. Aliyense atenge pulogalamu imene akulemba, aiyendetse pa kompyuta ya pano imene aphunzitsi aloleza, ndipo mnzake alowe pa foni ayambe kudzaza fomu. Ali pakati, imitsani seva mwadzidzidzi, ndi kill -9 pa Linux kapena End task pa Windows, kenaka muiyatsenso. Bwerezani, koma ulendo uno zimitsani data pa foni, mudikire mphindi 25. Kachitatu, dinani batani lolipira katatu motsatizana. Pomaliza tulukani, mupatse foniyo munthu wina, adine batani lobwerera m'mbuyo, muone chimene chituluke. Lembani pa pepala chilichonse chimene chatayika, chimene chalembedwa kawiri, ndi chimene chaoneka kwa munthu wosayenera. Mapepala amenewo mubwere nawo, tidzakhale pansi ndi kukonza limodzi mzere ndi mzere.